Muyeso wa Bambo Overtone Miti

Malemu bambo Overtone Miti anabadwa pa 14 Ogasiti 1936 kufupi ndi Katete, kum'mawa kwa dziko la Zambia. Anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi la bambo Yesaya Miti ndi mayi Esinati Njobvu. Abusa, akuluakulu a mpingo, abale athu achisilamu amene mwakhala nafe kuyambira Lachiwiri, ndi inu nonse anamalira: ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Justin Daka. Amayi a malemu ndi amayi anga anali a bere limodzi, kotero kwathu malemuwa ndi akulu anga. Banja ndilo landituma. Zonse zimene ndiwerenge pano, alamu anga mayi Mathilda Miti aziona kale n'kuzivomereza, ngakhale zimene zikukhudza iwo eni. Ndanena zimenezi poyamba kuti tikafika pamenepo pasapezeke wondiyang'ana ndi diso lofiira.

Sukulu anayamba mochedwa, mu 1945, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa mbuzi za amalume athu zinalibe wina woziweta. Atayamba sanachewukenso. Anamaliza Sitandade 6 mu 1953, nakhala chaka chimodzi akuthandiza aphunzitsi pa sukulu ya mishoni ya kwathu, kenaka mu 1955 anapita ku Chalimbana kukaphunzira uphunzitsi. Ntchito anayamba mu Januwale 1957 ku Petauke. Mu 1960 anawasamutsira ku Lundazi, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi mphunzitsi wa ana aang'ono, namwali wa ku Chipata dzina lake Mathilda Mvula. Anamanga ukwati woyera pa 28 Julayi 1962. Mulungu anawapatsa ana anayi.

Mu 1971 malemu anakwezedwa kukhala woyendera masukulu, ntchito imene anaigwira zaka khumi ndi zisanu. Aphunzitsi akale a kum'mawa mpaka lero amawakumbukira, ena mokondwa, ena mopukusa mutu. Akafika pa sukulu sankakhala pa mpando wa ulemu umene aphunzitsi aakulu ankawaikira kutsogolo. Ankapita kumbuyo n'kudzipanikiza pa benchi ya ana, mawondo ali m'mwamba. Makope osankhidwa ndi mphunzitsi sankawalandira. Ankatenga okha makope a ana atatu okhala kumbuyo kwenikweni. Nkhuku imene mwa mwambo inkagwiridwira mlendo wa boma ankaikana kufikira lipoti litalembedwa, ndipo lipoti likalembedwa, nthawi zambiri mwini nkhuku sankaikumbukanso. Koma chinthu chimodzi adani awo omwe sankachikana. Lipoti lililonse ankaliwerenga mokweza pamaso pa mwini wake lisanapite ku ofesi. Ankati munthu asakamve kwa kalaliki zimene iwo akanatha kumuuza maso ndi maso.

Mu 1978 anasamukira ku Lusaka. Masana ankagwira ntchito ya boma, madzulo ankaphunzitsa akuluakulu pa sukulu ya madzulo ku Matero. Ine ndinali mmodzi wa ophunzirawo. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndili ndi ana awiri, ndikugwira ntchito yopenta nyumba. Ndinalowa m'kalasi mwawo ndikuganiza kuti ubale undithandiza. Anandifelutsa masamu kawiri. Ulendo wachiwiri ndinakadandaula kwa amayi awo, ndipo malemu atamva anangondiuza kuti, “Justin, ndikakupasitsa ine lero, mawa akakufelutsa ndi anthu osakudziwa, ndipo sakakuuza chifukwa chake.” Pa nthawiyo ndinkaona ngati nkhanza. Zinanditengera zaka kuti ndisinthe maganizo. Ine ndimachedwa pa zinthu zotere.

Anapuma pa ntchito mu 1986. Mu Epulo 1987 anabwera kuno ku Canada pamodzi ndi alamu anga ataitanidwa ndi mwana wawo woyamba, Lindiwe, amene anali atayamba kale unamwino ku Scarborough. Mapepala awo a uphunzitsi sanawatsegulire khomo la sukulu iliyonse kuno. Munthu amene aphunzitsi aakulu ankamuimirira akalowa anakapeza ntchito yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Etobicoke, kufupi ndi bwalo la ndege. Ankakwera basi, sitima ya pansi, ndi basi inanso, kupita ndi kubwerera, zaka zinayi. Sindinawamvepo akudandaula za ntchitoyo. Chimene ankadandaula chinali chakuti anzawo ena a pa ntchito ankasayina mapepala osadziwa zimene alembamo.

Mu 1989 anadziwana ndi bambo Sufian Rashidi, a ku Mangochi, amene ali ndi sitolo ya zakudya za kwathu ku Scarborough. A Sufian anawauza kuti akazi awo, mayi Sofia, atha zaka zitatu m'dziko lino osakwerapo basi okha chifukwa choopa kufunsidwa kanthu m'Chingerezi. Awiriwa anagwirizana zotsegula kalasi ya akuluakulu obwera kumene. Mpingo uno unawabwereka chipinda cha pansi, pansi penipeni pa pamene mwakhalapo. Anayamba ndi ophunzira asanu ndi anayi, aphunzitsi ali malemu ndi akazi awo. Anaitcha Sukulu ya Poyambira. Mu 1991 boma linayamba kuithandiza ndi ndalama zolipirira aphunzitsi ndi kugulira mabuku, ndipo malemu anasiya makatoni. Pofika 1995 inali ndi aphunzitsi asanu ndi awiri ndi ophunzira opitirira zana limodzi ndi makumi atatu: a kwathu, a ku Malawi, a ku Somalia, a ku Ghana, a ku Sri Lanka. A Sufian anali wapampando wa komiti. Ine ndinafika kuno mu 1992, ndipo anandiika m'komitimo chifukwa choti ndinkapenta makoma mwaulere.

Tsopano ndafika pa ntchito imene banja lapempha kuti ndiifotokoze mosathamanga, chifukwa ndiyo inadya zaka zitatu zomaliza za moyo wawo.

Mu Okutobala 1995 kunabwera kalata yochokera ku ofesi imene inkatipatsa thandizo. Ndalama zinali zitachepa, ndipo masukulu ang'onoang'ono onga athu sakanathandizidwa onse. Sukulu yofuna kupitiriza inayenera kusonyeza njira yoyezera ntchito ya aphunzitsi ake, komanso kuti gawo lina la malipiro lizitsata muyesowo: wogwira bwino alandireko chapamwamba. Sukulu yolephera kusonyeza zimenezi pofika kumapeto kwa Malichi 1996, thandizo lake lidzatha mu Juni. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Ophunzira athu sakanatha kulipira okha. Thandizo likanaima, chitseko cha pansi apa chikanatsekedwa. Komiti inayang'ana malemu, poti woyendera masukulu tinali naye mmodzi yekha.

Ulendo woyamba analakwitsa, ndipo iwo eni ankaifotokoza nkhaniyi osadzibisa. Anaona kuti m'makoleji a kuno ophunzira ndiwo amapatsa aphunzitsi malikisi, choncho anakonza fomu ya mafunso asanu. Funso lililonse wophunzira ankayenera kusankha kuyambira chimodzi, kutanthauza kuti mphunzitsi sakuthandiza, kufika zisanu, kutanthauza kuti palibe chomunenera. Anaimasulira m'zilankhulo zinayi. Anauza ophunzira kuti asalembe maina, asaope. Mafomu anabwerako zana limodzi ndi makumi atatu ndi imodzi. Onse, funso lililonse, mphunzitsi aliyense: zisanu. Mayi wina wachikulire anaona kuti zisanu n'zochepa, analemba yekha zisanu ndi chimodzi m'mphepete mwa pepala. Ena anapita ndi fomuyo kwa mphunzitsi wawo yemweyo kuti awathandize kulemba. Wina anabweza yake atagwada.

Chodabwitsa n'chakuti malemu, ndi ukatswiri wawo wonse, anakondwa. Anavala suti, nanyamula mafomu onse kupita nawo ku ofesi mu Januwale. Mayi amene ankaona za sukulu yathu anawalandira mwaulemu, anatsegula mafomu khumi, makumi awiri, kenaka anawauza kuti mapepalawa akumuuza kuti ophunzira athu analeredwa bwino, koma za aphunzitsi sakumuuza kanthu. Anawakumbutsa kuti tsiku lomaliza silinasinthe. Atabwerako anatiitana a komiti, nati, “Musawatukwane mayiwo, akunena zoona. Mlandu ndi wanga. Ndafunsa mwana kuti atchule zolakwa za amake pa bwalo. Mwana wa kwathu angatero?” Anatinso zaka zisanu ndi zitatu za kuno zinawaiwalitsa zimene ankazidziwa bwino ali pa njinga ku Lundazi.

Kunali kutatsala masabata khumi. Anayambiranso, ndipo ulendo uno sanabwereke fomu ya wina aliyense. Anasiya kufunsa ophunzira za aphunzitsi, nayamba kuwafunsa za iwo eni. Wophunzira aliyense ankatchula zinthu zitatu zimene akufuna kuchita yekha koma sangathe: kuimba foni kwa dokotala n'kupangana tsiku, kuwerenga kalata ya ku sukulu ya mwana, kuuza mwini nyumba kuti chotenthetsera chafa ndipo ana akuzizidwa. Pa funso lotere munthu wa kwathu sanama, chifukwa sakunyoza aliyense. Pakutha pa temu, anthu awiri amene si aphunzitsi ake ankamuyesa ngati tsopano akutha. A Sufian ankakhala m'chipinda china ndi foni n'kumachita ngati mwini nyumba, ndipo ankachita mwaluso moti mayi wina anawalonjeza kuti akawasumira. Malemu anati mayi ameneyo wapasa ndithu. Anthu awiri omwewo ankalowanso m'kalasi, kukhala kumbuyo, aliyense n'kulemba zake osaonetsana. Lipoti linkawerengedwa mokweza pamaso pa mphunzitsi.

Pa nkhani ya malipiro ndi pamene komiti inakangana. Ena tinati tilembere boma zimene likufuna, koma chapamwambacho chikabwera tizigawana mofanana mwakachetechete, kuti pasakhale chidani. Ine ndinali mbali imeneyo. Malemu anakana. Anati tikanamiza boma chaka chino tidzalinamizanso chaka chamawa, ndipo tsiku logwidwa, olira adzakhala ophunzira. Koma anakananso kuti wotsalira achotsedwe ntchito. Lamulo limene analemba linali lakuti aphunzitsi awiri apamwamba adzalandira chowonjezera, inde, koma pokhapokha atatenga otsalira n'kukhala nawo m'kalasi mwawo temu yathunthu, kuwaonetsa ntchito. Wotsalira sachotsedwa pokhapokha atakana kuthandizidwa. Anati kwathu wolima kwambiri amadya kwambiri, palibe amatsutsa, koma amabwerekanso khasu.

Muyeso woyamba unachitika mu Malichi 1996. Pamwamba panatuluka a Selina Ngoma, amene anali wamng'ono pa aphunzitsi onse, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pansi pa onse panatuluka mayi Mathilda Miti.

Ndikuona ena mukuyang'ana alamu anga. Andiuza okha kuti ndisadumphe. Chifukwa chake sichinali ulesi, ndipo sichinali kusadziwa ntchito. Mphunzitsi wokondedwa kuposa onse pa sukuluyi anali iwo. Vuto linali chifundo. Wophunzira akayamba kuvutika ndi mawu, iwo ankamumalizira. Akabwera ndi kalata, ankamuwerengera. Akati dokotala, iwo ankanyamula foni n'kumuimbira, mwinanso n'kumuperekeza Loweruka. Ophunzira awo ankawatcha amayi, koma atayesedwa paokha, khumi ndi mmodzi mwa khumi ndi asanu anangogwira foni n'kuyang'ana pa khomo kudikira kuti amayi alowe.

Kalasi ya akazi awo malemu sanaiyendere iwo eni. Anaiyendera a Sufian ndi mkulu wina wa mpingo. Onse awiri analemba malikisi awiri pa asanu. A Sufian anapita kwa malemu mwamseri n'kunena kuti, “Achimwene, tiikepo atatu, palibe adziwe. Inu muli ndi nyumba yoti mukagonemo.” Malemu anawathokoza, nakana. Lipoti malemu anawerenga okha, m'chipinda cha pansi apa, osati ku nyumba, ndipo pa nthawi yonseyo ankawatchula akazi awo kuti aphunzitsi. Alamu anga anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, “Zaka makumi atatu ndi zitatu ndikukuchapirani malaya, ndiye mwandipatsa awiri? Mawa mukavale fomu yanuyo.” Inde, sekani, malemu nawonso ankaseka akaikumbuka, ngakhale tsiku limenelo sanaseke. Masabata awiri otsatira, m'nyumba mwawo munali ulemu wochuluka koma mawu ochepa.

Ndinenenso chimene sichinayende bwino, popeza mbiri ya munthu woona siyenera kukhala ya zisanu zokhazokha. Mphunzitsi wina amene anatsalira pamodzi ndi alamu anga sanapirire. Anati sanawoloke nyanja kuti adzayezedwe ndi munthu wa kwawo, ndipo anachoka osabweranso. Dzina sinditchula. Mwina ali muno, ndipo ngati alimo tawalandira ndi manja awiri. Anali munthu amene dziko lino linali litamuvula kale ulemu wambiri, ndipo kaulemu kotsalako kanali m'kalasi mwake. Sindinganene kuti analakwa. Sindinganenenso kuti malemu analakwa. Ndikudziwa kuti malemu anawalembera makalata atatu osayankhidwa, ndi kuti nkhaniyi inkawawawa mpaka kumapeto.

Alamu anga sanachoke. Temu yotsatira analowa m'kalasi ya a Selina ndi kope m'manja, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu kukaphunzira kwa mwana wa msinkhu wa ana awo. A Selina akuti sabata yoyamba sankadziwa kuti munthu wamkulu amamulangiza bwanji. Tsiku lina mayi Sofia Rashidi anali pa foni ya mayeso, mawu atawathawa, ndipo alamu anga anayamba kudzuka kuti akawathandize. A Selina anati, “Amai, pepani, khalirani manja anu.” Alamu anga anaikadi manja pansi n'kuwakhalira. Mayi Sofia anavutika mphindi zinayi zathunthu, thukuta lili kamukamu, koma tsiku lokaonana ndi dokotala analipeza okha. Lero mayi Sofia ndiwo amayankha foni ya ku sitolo. Alamu anga chaka chotsatira anakwera kufika pakati. Pamwamba sanafikepo, ndipo akuti sakufunako, chifukwa nthawi zina manja amawathawabe.

Lipoti la muyeso woyamba, pamodzi ndi malamulo ake, linafika ku ofesi pa 27 Malichi 1996. Mu Meyi yankho linabwera: thandizo lipitirira mpaka kumapeto kwa 1998, koma nthawiyo isanathe adzaonanso ngati muyesowo ukugwirabe ntchito kapena unali wa tsiku limodzi. Masukulu ena awiri a anthu obwera anapempha kuti malemu akawaonetse njirayi, ndipo anapita osalipiritsa. Komabe mtima wawo sunakhazikike. Ankatiuza a komiti kuti chimene akuopa si boma ayi, koma ifeyo: kuti tsiku limene iwo adzachoke tidzabwerera ku zisanu zathu, chifukwa ndi kumene mitima yathu imakhala bwino.

Mu Novembala 1997 anayamba kutsokomola ndi kutopa msanga. Mu Febuluwale 1998 madokotala anapeza khansa ya m'mapapo, ngakhale fodya sanamulawepo. Analandira chithandizo, ndipo atapezako bwino anaumirira kubwerera m'kalasi temu ya Epulo mpaka Juni. Tinawaletsa, osamva. Koma thupi linali litayamba kukana. Ankaphunzitsa atakhala pansi. Phunziro limodzi ankalibwereza masiku atatu osazindikira, ndipo ophunzira, mwa ulemu uja, ankangolemba ngati akulimva koyamba. Muyeso wa mu Juni utachitika, mwa ophunzira awo khumi ndi asanu ndi atatu, asanu okha ndiwo anatha kuchita zimene anatchula. Pa aphunzitsi asanu ndi anayi amene sukulu inali nawo, malemu anali omaliza. Ndipo lipoti limeneli ndilo linkayenera kupita ku ofesi kukasonyeza ngati tiyenera kuthandizidwanso.

Komiti inakumana mu Julayi malemu palibe. A Sufian anati munthu wodwala sayezedwa, dzina lawo tilichotse, tilembe kuti anali pa tchuthi cha matenda. Ndinavomereza, ndipo ndinali woyamba kuvomereza. Ndinati munthu amene anaimanga sukuluyi sangatsanzike ndi pepala lomuika pansi pa ana amene anawaphunzitsa ntchito. Tonse tinali titagwirizana. Alamu anga anali atabwera kudzaimira aphunzitsi, ndipo tinawafunsa maganizo awo. Anati, “Kalasi analowamo, malipiro analandira, ophunzira anakhala pamaso pawo miyezi itatu. Mukawachotsa pa pepalapo ndiye kuti mwawaika m'manda asanafe. Lembani.” A Sufian anati, “Nanga akawawerengere ndani?” Alamu anga anati, “Inuyo. Si ndinu apampando?”

A Sufian anapita ku nyumba ya malemu Lamlungu masana, ine ndikuwaperekeza. Malemu anavala jekete n'kukhala pa tebulo ngati ali ku ofesi. A Sufian anawerenga, n'kuima kawiri kupukuta magalasi amene analibe fumbi. Kenaka malemu anati, “Mwalemba zoona, apampando. Koma mwaiwala kuti ndinachedwanso katatu. Onjezeranipo.” Anatembenukira kwa ine nati, “Justin, iwe unali mbali iti?” Ndinawauza zoona. Anagwedeza mutu nati, “Ndinadziwa. Ulibe mlandu, ndi chikondi. Koma chikondi chotere chikanatitsekera sukulu.” Tsiku limenelo ndinawaona akudya bwino kuposa masiku onse a matenda awo.

Lamulo linkati wotsalira akhale m'kalasi ya wapamwamba temu yathunthu, ndipo wapamwamba analinso a Selina. Sukulu itatsegulidwa mu Seputembala, mwana wawo Fredrick ankawabweretsa pa galimoto n'kuwatsitsa masitepe mwapang'onopang'ono. Ankakhala kumbuyo ndi kope ndi ndodo yawo. A Selina anawapempha kuti aziwalangiza, iwo anakana, nati sanabwere kudzayendera, abwera kudzaphunzira. Anakwanitsa masabata atatu. Lipoti linatumizidwa pa 1 Okutobala lili ndi dzina lawo pa mzere womaliza. Pa 9 Okutobala anagonekedwa m'chipatala.

Pa 21 Okutobala mayi wa ku ofesi uja anabwera yekha kudzaona sukulu. Analowa m'makalasi, anamvetsera mayeso a pa foni, anawerenga malipoti a zaka zitatu. Atafika pa mzere womaliza anafunsa ngati a Miti amenewa ndi omwe aja analemba muyesowu. A Sufian anati ndi omwewo. Anafunsa ngati iwo akudziwa. A Sufian anati akudziwa, ndipo anawonjezerapo okha zolakwa zina. Lachinayi pa 29 Okutobala mayiyo anaimba foni ku sitolo ya a Sufian, mayi Sofia n'kuyankha: thandizo la Sukulu ya Poyambira lavomerezedwa zaka zina zitatu.

Tinapita nawo uthengawo ku chipatala masana omwewo. Anali atafooka kwambiri, koma anamva zonse. Anagwira dzanja la akazi awo. Kenaka anati, “Temu yanga kwa a Selina sindinaimalize. Muwauze asandifufute m'kaundula.” Anatisiya Lachiwiri pa 3 Novembala 1998, m'mawa dzuwa litatuluka, akazi awo ndi ana awo atatu ali pambali pawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri.

Malemu asiya akazi awo, mayi Mathilda Miti. Ana anayi, Lindiwe wa ku Oakville, Elizabeth amene ali ku Lusaka ndipo sanathe kufika, Fredrick ndi Chiko a kuno ku Scarborough. Adzukulu asanu ndi awiri. Ndi mlongo wawo mmodzi, mayi Zelipa, ku Katete, kumene abale asonkhananso lero pa nthawi yomwe ino. Adzukulu, ndikudziwa kuti zambiri mwa izi simunazimve. Amalume anu Fredrick azilemba m'Chingerezi, ndipo aliyense alandira pepala lake. Mukawerenge.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo uno chifukwa cha mapemphero, ndi chifukwa cha chipinda chimene mwatibwereka zaka zisanu ndi zinayi osatiwerengera magetsi. Likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, ndi anzake a Lindiwe amene anasinthana naye masiku a ntchito kuti akhale ndi bambo ake. Likuthokoza bambo Sufian Rashidi, mayi Sofia ndi abale onse achisilamu, amene anatseka masitolo awo kudzakhala nafe, ndi amayi a ku Etobicoke amene aphikira khamu lonseli masiku anayi. Likuthokoza a Selina Ngoma ndi aphunzitsi onse, ndi ophunzira amene munasiya mashifiti anu kuti mudzaperekeze aphunzitsi anu. Ena mwa inu munaimba nokha foni kwa mabwana anu kupempha tsikuli. Ndipo alamu anga andituma ndinene kuti akuthokozanso mayi wa ku ofesi uja, amene anatibwezera mafomu athu oyamba.

Komiti inaganiza zotseka sukulu sabata imodzi polira, koma banja lakana. Makalasi atsegulidwa Lolemba pa nthawi yake. Kalasi ya mayi Miti aigwirizira a Selina kufikira alamu anga atamaliza masiku awo olira. Muyeso wa temu ino uchitika sabata yachiwiri ya Disembala monga unakonzedwera, ndipo a Sufian apempha kuti ine ndikakhale nawo kumbuyo kwa kalasi. Ndavomera, ndipo ndikalemba zimene ndikaone.

Akulu anga, a Miti, chitseko cha pansi apa mwachisiya chotsegula. Mulungu amene anatibwereka inu akulandireni, ndipo mzimu wanu ugone mumtendere.